NJINGA, MATAYALA NDI NGOLO: PHUNZIRO LA MWEZI UNO KWA ANTHU A KWA MAKANJIRA

Anthu ambiri a kwa Makanjira, m'boma la Mangochi, nchito yao ya tsiku ndi tsiku iyamba ndi ulendo. Wogula nsomba alawira ku doko, mlimi apita ku munda wa mpunga kapena ku chigayo, mphunzitsi ndi mlangizi wa za umoyo ayenda m'midzi yotalikirana, ndipo ana ena a sukulu ayenda mtunda wautali m'mawa ndi madzulo. Chowanyamula ambiri a iwo ndi njinga ya kapalasa. Njinga siimwa petulo, ndipo ilowa m'tinjira momwe galimoto singapite. Koma ndalama yogulira njinga imodzi banja liisunga miyezi yambiri, chotero munthu akagula yolakwika, kapena akaipha ndi katundu, asauka nthawi yaitali. Phunziro iri lifotokoza za kasankhidwe ka njinga ndi matayala oyenera njira za kunyanja, ndiponso za ngolo yokokedwa ndi njinga, imene anthu ambiri sanaizolowere.

NJIRA ZA KWA MAKANJIRA

Kuchokera ku Mpilipili, pa malo a malonda a kwa Makanjira, kukafika ku boma la Mangochi ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100, ndiwo mamailosi monga 60. Mseu utsata gombe la kum'mawa kwa Nyanja ya Malawi, nudzera ku Lungwena ndi ku Malindi, kufikira uoloka mtsinje wa Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi. Chakum'mawa kwa mseu kuli mapiri a Namizimu, ndipo mitsinje yochokera kumeneko, monga Lungwena, idula mseu potsikira ku nyanja. Mvula ikagwa ku mapiri, makamaka kuyambira Disembala kufikira Malichi, mitsinje imeneyi idzaza msanga, ndipo kwa zaka zambiri mseu umenewu wadziwika ndi matope ndi milatho yokokoloka.

Mu 2023 Boma linasainirana pangano la ngongole ndi bungwe la Saudi Fund for Development kuti mseu wa Mangochi–Makanjira umangidwe. Koma ngakhale mseu waukulu ukhale wa phula, tinjira ta ku madoko, ku minda ndi m'midzi tidzakhalabe ta mchenga ndi minga, ndipo m'menemo ndimo njinga ithera masiku ache ambiri.

Wopalasa njinga kumeneku akomana ndi nthaka ya mitundu itatu: mchenga wofewa wa m'mbali mwa nyanja, dothi louma lokumbikakumbika la m'chilimwe, ndi matope a m'dzinja. Palinso mphepo ya mwera, imene iomba kuchokera chakum'mwera m'miyezi yozizira. Munthu wochoka kwa Makanjira kulinga ku Malindi ndi katundu wosanjikiza m'mwamba, mphepo imeneyi imkankha m'mbuyo ulendo wonse.

Chifukwa chache munthu asanapite ku sitolo ayenera kudziwa zinthu zitatu: njira imene adzayendamo masiku ambiri, kulemera kwa katundu amene adzanyamula, ndi kumene adzapeza zipangizo njinga ikadzaonongeka. Zitatu zimenezi ndizo zisankhe njinga, osati utoto wache.

KUSANKHA NJINGA

Njinga ya maonekedwe amene anthu aidziwa lero, ya mawilo awiri olingana ndi tcheni chotembenuza wilo la m'mbuyo, anaipanga John Kemp Starley ku Coventry, ku Mangalande, mu 1885. M'masiku a Nyasaland zinabwera njinga za maina monga Raleigh, Humber, Hercules ndi Phillips. Pambuyo pache zinachuluka za ku India, monga Hero, Avon ndi Atlas, ndi za ku China, monga Phoenix. Njinga zopezeka m'dziko muno zigawika m'mitundu itatu.

Mtundu woyamba ndi njinga yakuda ya chikale, ya mawilo a mainchesi 28, ya giya limodzi ndi mabuleki a ndodo za chitsulo. Ubwino wache waukulu ndi wakuti mmisiri ali yense wa pansi pa mtengo wa mango aidziwa, ndipo tcheni, masipoko, kotapini ndi mipira ya buleki zipezeka pa misika yambiri. Ina iri ndi mipiringidzo iwiri pamwamba pa felemu, ndipo imeneyo ndiyo yolimba pa katundu. Kuipa kwache nkwakuti tayala lache ndi lopyapyala, chotero lititimira mu mchenga, ndipo mabuleki ache sagwira bwino limu ikanyowa.

Mtundu wachiwiri ndi njinga ya magiya ambiri, imene kawiri kawiri ifika ngati kaunjika. Zambiri ziri ndi mawilo a mainchesi 26 ndi matayala okhuthala, ndipo pa mchenga ndi pa chitunda ziyenda mopepuka. Koma kachitsulo kosintha magiya kalendewera pafupi ndi nthaka, kamakola udzu ndi mchenga, ndipo kakathyoka kutali ndi tauni njinga ikhoza kugona mwezi wathunthu. Imene iri ndi sipuling'i pakati pa felemu siyenera katundu wolemera, ndiponso siyenera kukoka ngolo.

Mtundu wachitatu ndi njinga zopangidwira dala katundu wa m'midzi, monga Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief limene linakhazikitsidwa mu 2005. Felemu yache ndi ya chitsulo chochindikala, ndipo kaliyala wache anampangira katundu wa makilogalamu 100. Ndi yolemera, ndipo mtengo wache uposa wa njinga wamba. Wofuna kuigula ayambe wafunsa kumene adzapeza zipangizo zache.

Kwa wogula nsomba kapena mlimi wonyamula matumba, mtundu woyamba kapena wachitatu ndiwo woyenera. Kwa mphunzitsi kapena mwana wa sukulu, wonyamula mabuku okha m'njira za mchenga, wachiwiri uchita bwino ngati pafupi pali mmisiri wodziwa magiya. Kwa amai ovala chitenje, felemu yotsika pakati ndiyo yosavuta kukwera ndi kutsika, makamaka ali ndi mwana kumbuyo.

Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula, makamaka njinga yogwirapo kale nchito, achite izi asanapereke ndalama:

1. Ayang'ane molumikizira felemu monse, ngati mulibe mng'alu wobisika ndi utoto watsopano.

2. Aime kutsogolo kwa njinga naone ngati foloko iri yoongoka.

3. Anyamule wilo liri lonse nalizunguze. Lisapepeluke, ndipo lisalire m'habu.

4. Afinye masipoko awiri awiri. Onse akhale okungika mofanana. Njinga za chikale za ku Mangalande zinali ndi masipoko 32 kutsogolo ndi 40 m'mbuyo, pakuti kulemera kwambiri kugwera m'mbuyo. Zambiri za lero ziri ndi 36. Wonyamula katundu asankhe masipoko onenepa.

5. Akwerepo. Chidendene chiri pa pedulo ya pansi, mwendo uongoke. Mawondo akapindika kwambiri, munthu atopa asanafike patali.

MATAYALA

Tayala lopopa mpweya linafala chifukwa cha John Boyd Dunlop, amene analipanga ku Belfast mu 1888. Chofunika kuchidziwa nchakuti chonyamula katundu ndi mpweya umene uli m'kati. Mphira nchito yache ndi kusunga mpweyawo ndi kugwira nthaka. Tsono pali zinthu zinai zoyang'ana.

Choyamba ndi kukula kwache. M'mbali mwa tayala liri lonse mwalembedwa manambala. Pa tayala la njinga yakuda ya chikale palembedwa 28 x 1½, ndipo pa matayala ambiri palinso 40-635. Nambala 40 ndi kukhuthala kwa tayala m'mamilimita, ndipo 635 ndi kukula kwa limu imene tayalalo likwanapo. Nambala yachiwiriyi ndiyo yosanama. Alipo matayala ena otchedwanso 28 amene nambala yao ndi 622, ndipo sangalowe pa limu ya 635 ngakhale awakanikize ndi sipanala. Chimodzimodzi ndi a 26: la 26 x 1.75 nambala yache ndi 559, koma la 26 x 1⅜ ndi 590. Munthu wa ku Lulanga wotuma mnzache kukagula tayala ku boma alembe manambala onse pa pepala, kuti lingabwere losakwana pambuyo pa ulendo wautali chotere.

Chachiwiri ndi kukhuthala kwache. Tayala lopyapyala licheka mchenga ngati mpeni nilititimira, koma lokhuthala liyandama pamwamba. Kwa anthu a m'mbali mwa nyanja, lokhuthala ndilo labwino, malinga ngati silikhuza foloko kapena madigadi. Pasiyidwe mpata wolowa chala, chifukwa m'dzinja matope amatirira pamenepo ndipo wilo lileka kuzungulira.

Chachitatu ndi mano ache. Tayala la mano akulu akulu ligwira bwino m'matope, koma pa dothi louma ndi pa phula lilemetsa njinga nilitha msanga. Losalala literereka. Loyenera chaka chonse ndi la mano apakati, oyandikana pa msana pa tayala ndi otalikirana m'mbali. Wogula apinde tayala ndi manja: la mphira wochindikala pa msana ndilo likana minga ya mthethe, ndipo looneka ming'alu lidakali latsopano lagonera m'sitolo, alisiye.

Chachinai ndi mpweya. Tayala lofewa pansi pa katundu wolemera likagunda mwala, limu iluma chubu nisiya timabowo tiwiri toyandikana. Woona timabowo totere adziwe kuti cholakwa si minga iai, koma kuchepa kwa mpweya. Asananyamuke ndi katundu, mwini njinga akanikize tayala la m'mbuyo ndi chala chachikulu, ndipo lisalowe. Koma poyenda wopanda katundu m'njira ya mchenga wokha wokha, kuchepetsako mpweya pang'ono kuthandiza, pakuti tayala litambalala. Muyezo wa mpweya umene tayala lingapirire walembedwanso m'mbali mwache. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala njinga iimikidwe pa mthunzi, chifukwa dzuwa liumitsa mphira niling'ambitsa matayala.

Tayala la m'mbuyo litha msanga koposa la kutsogolo. Ena likatha alisinthira kutsogolo kuti apulumutse ndalama. Kumeneko nkulakwa, pakuti tayala la kutsogolo likaphulika pa mtsetse munthu agwa chamutu. Tayala loonekera ulusi lichotsedwe ndithu.

M'kati mwa limu muikidwe lamba wa chubu chakale wophimba mitu ya masipoko, kuti ingaboole chubu. Valavu ya chikale, yotchedwanso ya Dunlop, iri ndi kamphira kakang'ono kamene kamafumbwa ndi kutentha. Tayala likamaphwa pang'ono pang'ono popanda bowo, kawiri kawiri cholakwa ndi kameneko. Machubu ena ali ndi valavu yonga ya galimoto, ndipo afuna pampu yache. Pa ulendo uli wonse wautali pasasowe pampu, zigamba, guluu, sipanala ndi kamphira kapadera.

KALIYALA NDI MALIRE ACHE

Thumba limodzi la chimanga kapena la feteleza lilemera makilogalamu 50. Chigubu cha madzi cha malita 20 chilemera makilogalamu 20. Munthu akamanga matumba awiri pa kaliyala, makilogalamu 100 onsewo, pamodzi ndi gawo lalikulu la thupi lache, atsamira pa tayala limodzi ndi pa ekiselo imodzi. Nchifukwa chache amisiri a njinga sasowa nchito ya masipoko othyoka, malimu opindika ndi maekiselo okhota. Katundu wosanjikiza m'mwamba apepulanso wilo la kutsogolo, ndipo pa mchenga mahandulo aleka kumvera.

Thumba limodzi, kapena dengu limodzi la nsomba, likwana pa kaliyala wolimba. Katundu akhale pamwamba peni peni pa wilo, wosalendewera kumbuyo, ndipo amangidwe ndi malegeni mopingasa. Nsonga ya legeni isasiyidwe ikulendewera, ingakole m'masipoko. Chambo chachiwisi, chimene chifuna kufika pa msika dzuwa lisanakwere, malo ache ndi pa kaliyala, chifukwa njinga yopanda ngolo ndiyo ya liwiro. Koma katundu akapitirira pamenepa, munthu aganize za ngolo.

NGOLO YA NJINGA

Ngolo ya njinga ndi kabokosi ka chitsulo kapena ka matabwa ka mawilo awiri, kokhala ndi mkono umene ulumikizidwa ku njinga. Matumba awiri aja akaikidwa m'ngolo, wilo liri lonse linyamula thumba limodzi, ndipo njinga itsala ndi mwini wache yekha. Katundu akhala pansi, kumene mwera sumgwira kwambiri, ndipo munthu akaima ngolo siigwa. Ithandiza kopambana pa katundu wambiri wopepuka, monga madengu a usipa kapena utaka wouma, ndiponso pa zigubu za madzi, nkhuni, ndi matumba a mpunga kapena makaka a chinangwa opita ku chigayo.

Komabe ngolo siichotsa kulemera. Miyendo ya munthu ndiyo ikoka katundu yense, pamodzi ndi ngolo yomwe. Ndiponso njinga yokha ilemba mzere umodzi pa nthaka, koma njinga ya ngolo ilemba mizere itatu. M'kanjira kopapatiza ka pakati pa minda mawilo a ngolo ayenda pa udzu ndi pa zitsa, ndipo mu mchenga wakuya mawilo onse atitimira. Chotero ngolo iyenera munthu amene ulendo wache wa masiku onse uli pa mseu wolimba wa pa chidikha. Wogula nsomba aiimike pamene pathera dothi lolimba, nasenze madengu kuchokera ku madzi.

Mmisiri wodziwa kuotcherera zitsulo akhoza kupanga ngolo yabwino, akatsata malamulo awa:

1. Mawilo a ngolo akhale a nambala yomweyo ya njinga, kuti chubu chimodzi chapadera chikwane ponse. Mawilo aang'ono a mainchesi 20 ndi olimba ndipo atsitsa katundu pansi, koma matayala ache sapezeka pa msika uli wonse.

2. Wilo liri lonse ligwiridwe mbali zonse ziwiri, m'kati ndi kunja, monga foloko igwirira wilo la njinga. Ekiselo ya njinga yomangidwa mbali imodzi yokha ikhota msanga.

3. Pansi pa ngolo pakhale potsika, koma posagunda miyala ndi zitsa.

4. Mwini ayese poyamba malo opapatiza a m'njira yache, monga kamlatho ka mitengo, ndipo ngolo isatambalale kuposa pamenepo.

5. Mkono ulumikizidwe ku mtengo wa chishalo, kapena pa felemu pafupi ndi ekiselo ya m'mbuyo, osati ku nsonga ya kaliyala. Polumikizirapo pakhale pofewa, kuti njinga ithe kukhota, kukwera chitunda, ndi kupendeka ngolo osapendeka nayo. Chidutswa cha tayala la galimoto chigwira nchito imeneyi bwino lomwe.

6. Pakhalenso chingwe chachiwiri chomanga mkono ku felemu, kuti polumikizira pakaduka ngolo isathawe yokha.

Kapakiridwe ndiko kasiyanitsa ngolo yomvera ndi yoopsa. Katundu wolemera akhale pansi, pakati pa mawilo, kutsogolo pang'ono kwa ekiselo. Atatha kupakira, mwini anyamule mkono wa ngolo ndi dzanja limodzi. Ukalemera pang'ono, wapakira bwino. Ukatukuka wokha, katundu wachuluka kumbuyo, ndipo adzapepula wilo la m'mbuyo la njinga. Ukakanika kunyamulika, katundu wachuluka kutsogolo.

Wokoka ngolo ndi njinga ya giya limodzi athandizidwa akasintha fuliwilo. Giya lalikulu la pa mapedulo likakhala la mano 44, ndi fuliwilo ya mano 18, kupalasa kamodzi kuzunguza wilo kawiri ndi pafupifupi theka. Akaika fuliwilo ya mano 22, wilo lizungulira kawiri kokha. Liwiro lichepa, koma mwendo upepukidwa, ndipo mawondo ndi tcheni zikhalitsa. Tcheni chidzafunika kuchitalikitsa pang'ono.

Munthu asayambe ndi katundu wodzaza. Ayambe wazolowera ngolo yopanda kanthu pa bwalo la mpira. Pokhota atenge patali, chifukwa wilo la m'kati la ngolo lidula njira. Ngolo iribe mabuleki ache, ndipo pa mtsetse ikankha njinga, chotero agwire mabuleki onse awiri nthawi idakalipo, ndipo pa mtsetse waukulu atsike nayende pansi. Pa mtsinje wopanda mlatho amasule ngolo naolotse katundu, ngolo ndi njinga pachokha pachokha. Mtsinje ukadzaza adikire kuti uphwe. Nsomba zoola zibwezeka ndi malonda a mawa, koma munthu wokokoloka sabwerera. Pa mseu ayende ku dzanja lamanzere monga mwa lamulo la dziko lino. Kumbuyo kwa ngolo kukhale zonyezimira zofiira ndi kansaru kofiira pa ndodo, pakuti oyendetsa galimoto ndi njinga zamoto za kabaza sayembekeza kuti kumbuyo kwa njinga kuli chinthu chotambalala.

NGOLO YONYAMULIRA ODWALA

Nchito yoposa zonse imene ngolo ya njinga igwira m'midzi ndi kunyamula odwala. Ngolo yotere ndi yaitali, iri ndi machira ogonapo ndi chophimba dzuwa ndi mvula. Ku Blantyre kampani ya Sakaramenta inapanga zotere nizitcha CareCar, ndipo ku Lusaka a Zambikes anapanga zao zotchedwa Zambulance.

Pali maphunziro awiri ochokera m'dziko muno oyenera kuwakumbukira. Kafukufuku wa m'boma la Nsanje, amene anafalitsidwa mu 2001, anapeza kuti amai ambiri apakati sanafune kunyamulidwa pa ambulansi ya njinga, chifukwa sanafune kuti anthu onse adziwe kuti nthawi yao yakwana. Tsono mudzi wofuna ngolo yotere uyambe wafunsa amai eni ache, ndipo chophimba chikhale chobisa bwino wodwala. Kafukufuku wina, amene anafalitsidwa mu 2008, anachitika m'boma la Mangochi, pa zipatala zazing'ono za Makanjira, Mase ndi Phirilongwe. Iye anaonetsa kuti maambulansi a njinga zamoto okhala pa zipatala zimenezi anafupikitsa ndi maora angapo nthawi yofikitsira amai ku chipatala chachikulu cha boma.

Apa pakuoneka malire a nchito. Ngolo ya njinga ya kapalasa ndi yochotsera wodwala ku mudzi kumfikitsa ku chipatala cha pafupi. Ulendo wa ku St Martin's ku Malindi kapena ku boma, kwa munthu wa kwa Makanjira wodwala kwambiri, ufuna njinga yamoto kapena galimoto, ndipo a chipatala ndiwo akonza zimenezo. Mai amene kwao nkutali achita bwino akapita kukadikirira ku chipatala masiku asanakwane.

Chinthu cha mudzi wonse chikasowa mwini chifa msanga. Anyakwawa ndi komiti ya za umoyo asankhe nyumba yodziwika yosungirako ngolo, anyamata awiri kapena atatu oipalasa, ndi thumba la ndalama zogulira machubu. Matayala ache apopedwe sabata iri yonse, ngakhale ngolo siinayende, pakuti matenda abwera usiku. Ngolo ya odwala isabwerekedwe kukatuta makala kapena nsomba.

KUSAMALA NJINGA

Mdani wamkulu wa njinga ya kunyanja ndi mchenga wosanganizika ndi mafuta, umene upera tcheni ngati mphero. Mwini apukute tcheni ndi kansanza, adonthezere oilo pang'ono, napukutenso wotsala kunja. Mafuta ophikira sayenera, chifukwa amata fumbi. Njinga ikaoloka madzi ofika m'habu, girizi watsopano aikidwe msanga. Sipoko imodzi ikathyoka ibwezedwe tsiku lomwelo, pakuti zinzache zitsatira. Mipira ya buleki ikatha isinthidwe isanayambe kudya limu. Usiku njinga ndi ngolo zigone m'nyumba kapena pa khonde losadontha.

Banja limene lisunga kandalama pang'ono pa malonda ali onse chifukwa cha matayala ndi machubu silidzaona njinga yache itapachikidwa ku denga m'nyengo ya zokolola, pamene ifunika koposa.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAKALABU NDI M'MISONKHANO YA M'MIDZI

1. Kodi ndi zinthu zitatu ziti zimene munthu ayenera kudziwa asanagule njinga?

2. Chifukwa ninji tayala lolembedwa 622 silikwana pa limu ya 635, ngakhale onse atchedwa 28?

3. Timabowo tiwiri toyandikana pa chubu tisonyeza chiani?

4. Zigubu zinai za malita 20 zilemera makilogalamu angati? Kodi malo ache ndi pa kaliyala kapena m'ngolo?

5. Ndi njira ziti za m'mudzi muno zimene ngolo ingayendemo, ndipo ndi ziti zimene singayendemo?

6. Mudzi ukakhala ndi ngolo ya odwala, adzaisunga ndani, ndipo ndalama ya machubu idzachokera kuti?